Chamba Sichitsegula Mutu: Uthenga kwa Makolo ndi Osunga Ana

Mphekesera imene imafala pakati pa ophunzira mayeso a MSCE akayandikira, yakuti fodya wamkulu amatsegula mutu ndipo wosuta amagwira msanga zimene akuwerenga, ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo anamwino atopa nako kulimva kwa anyamata amene abale awo afika nawo kuchipatala atawamanga manja ndi chingwe. Chamba sichitsegula mutu. M'chamba muli mankhwala otchedwa THC, omwe ndi amene amaledzeretsa, ndipo amasokoneza mbali za ubongo zimene zimasunga zinthu zatsopano zomwe munthu waphunzira, kotero kuti mwana amachezera usiku wonse maso ali pa kope, akudziona ngati katswiri, koma kukacha m'mutu mulibe chatsalamo.

Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, ndipo mbali yakutsogolo, kuseri kwa mphumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuona patali, ndiyo imakhwima pomalizira; wosuta ali ndi zaka 15 ali ngati woponda pa simenti yosauma. Mwa achinyamata 6 alionse oyamba kusuta pa msinkhu umenewu, pafupifupi mmodzi amagwidwa chibaba chomulepheretsa kusiya.

Choopsa kwambiri ndi matenda amene madokotala amawatcha psychosis, kutanthauza kusokonekera kwa maganizo kumene munthu amamva mawu popanda wolankhula, amakhulupirira kuti anzake akumulondalonda, kapenanso amakana nsima ya mayi ake poganiza kuti aikamo chiphe. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2019, wochitika m'madera 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil, adapeza kuti osuta tsiku lililonse anali pa chiopsezo chowirikiza katatu poyerekeza ndi osasuta, ndipo osuta tsiku lililonse chamba chaukali, chokhala ndi THC wambiri, chiopsezo chawo chidawirikiza pafupifupi kasanu. Si wosuta aliyense amene amadwala, ndipo apa ndi pamene anyamata amabisala, kuloza mnzawo amene amasuta koma adakhoza mayeso, osadziwa kuti woyamba kusuta ali wamng'ono kapena wochokera kumtundu kumene wina adadwalapo misala sangadziyerekeze ndi mnzakeyo.

Ena akuti boma lidaloleza chamba, choncho ndi mankhwala. Lamulo la 2020 lidaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta silidaloleze, ndipo palibe dokotala amene amalembera mwana wasukulu ndudu yowerengera.

Mwana akayamba kulankhula yekha, kusagona kapena kuopa abale ake, atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo makolo auze namwino mosabisa kuti amasuta, pakuti kubisa kumangochedwetsa thandizo. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri amafika patatha miyezi akuzungulira kwa asing'anga, mbuzi zitatha m'khola, pamene mankhwala alipo m'zipatala za m'maboma, zomwe zimatumiza ofunika kugonekedwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu. Makolo adziwe anzake a mwana wawo ndi kumene amapita madzulo. Wodwalayo asamenyedwe, asatsekeredwe m'nyumba. Apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.