PHUNZIRO LA ZAUMOYO: NZERU ZATSOPANO ZA CIPATALA ZIFIKA MSANGA PA INTANETI

Mankhwala amene anali kuciritsa malungo dzana si onse aciritsa lero. N'cifukwa cake anchito a zaumoyo ayenera kuwerenga kosaleka zimene akatswiri apeza pa kafukufuku wao.

Mmene zinaliri kale

Zopeza za akatswiri zinali kusindikizidwa m'magazini a pepala. Ambiri anali kucokera ku Ulaya ndi ku America pa mtengo wokwera. Magazini ikafika ku Lusaka inali kuyendanso makilomita oposa 500 pa mseu wa Great East kuti ifike ku Chipata. Motero wanchito wa pa kiliniki anali kudalira kwambiri zimene anaphunzira kusukulu.

Kuopsa kwa nzeru zakale kuoneka pa chloroquine. Tizilombo ta malungo tinazolowera mankhwalawa. Dziko la Malawi linawasiya mu 1993, ndipo mu 2002 Zambia anasankha Coartem m'malo mwake. Koma buku losindikizidwa zaka zimenezo zisanafike likali kunena kuti chloroquine ndiye mankhwala oyamba.

Ubwino wa intaneti

1. Liwiro. Nkhani ikatuluka ku London, dokotala wa pa Chipata Central, Mwami kapena St Francis ku Katete atha kuiwerenga tsiku lomwelo.

2. Mtengo. Kuyambira mu 2002, bungwe la WHO lithandiza zipatala ndi masukulu a m'maiko osauka kuwerenga magazini ambiri kwaulere kapena motsika mtengo, kupyolera m'makonzedwe a HINARI.

3. Kufufuza. Pa PubMed, imene ndi yaulere kuyambira mu 1997, munthu alemba dzina la nthenda ndipo nkhani zake zituluka pomwepo. Medical Journal of Zambia nayonso ipezeka pa intaneti.

4. Kukonza zolakwa. Nkhani ikapezeka ndi colakwa, cidziwitso ciikidwa pa iyo. Pepala limene lili kale m'kabati likhala momwemo.

Cenjezo kwa mabanja

Nkhani ya m'magazini yeniyeni iyamba yasanthulidwa ndi akatswiri ena isanatuluke. Uthenga wa pa WhatsApp kapena Facebook palibe amaupima. Conco makolo a ku Kapata, Mchini, Navutika ndi makomboni ena asakhulupirire ciliconse cobwera pa foni.

Mwana akatentha thupi apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo kukapimitsa magazi. Asam'patse mapiritsi otsala m'nyumba. Akapatsidwa Coartem amwe kawiri pa tsiku kwa masiku 3 mpaka atsirize, ngakhale wayamba kale kusewera. Ngati mankhwala asiyana ndi amene anazolowera, afunse anesi cifukwa cake. Safunsa anadya phula.