Extension Yasowa pa Msakatuli: Muyambire Pati?

Kwatsala masiku awiri kuti mupereke kafukufuku wanu. Mwatsegula Chrome kuti musunge nkhani ina ndi Zotero Connector, kachida kaja kamene kamakusungirani dzina la wolemba, mutu ndi chaka cha buku, koma chizindikiro chake sichikuoneka. Zikatere ambiri amathamangira kufufuta msakatuli wonse n'kuikanso wina, n'kuthera bandulo ndi nthawi pachabe. Kuthamanga si kufika. Nthawi zambiri extension imakhala ilipo ndithu, kungoti yabisika, yazimitsidwa kapena sikugwirizana ndi msakatuli. Dzifunseni mafunso asanu awa mwandondomeko.

1. Kodi yangobisika?

Chrome saonetsa extension iliyonse pamwamba. Kumanja kwa malo olembapo adiresi kuli kachizindikiro konga kachidutswa ka puzzle. Mukakadina mumaona mndandanda wa zonse zimene zikugwira ntchito. Dinani kaphini kamene kali pambali pa dzina la yomwe mukufuna, ndipo ibwerera poonekera. Pa Firefox kachizindikiroka kaliponso, koma mumasankha mawu akuti Pin to Toolbar.

2. Kodi yazimitsidwa?

Ngati mulibe mu mndandandamo, lembani chrome://extensions pa Chrome, edge://extensions pa Edge, kapena about:addons pa Firefox. Mukaipeza, onani ngati kabatani kake kali koyatsa. Mukapanda kuipeza, onani dzina la profile imene mwalowa. Profile iliyonse ili ndi ma extension akeake, choncho zimene munaika pa akaunti yanu siziwoneka pa ya mnzanu amene munamubwereka laputopu.

3. Kodi muli pa windo yotani?

Pa Incognito ya Chrome kapena Private Window ya Firefox, ma extension sagwira ntchito mpaka mutawapatsa chilolezo. Pa Chrome dinani Details n'kuyatsa Allow in Incognito. Dziwaninso kuti sagwira ntchito pamasamba a msakatuli mwiniwake, monga a Settings, ngakhale pa Chrome Web Store. Yesani kaye pa tsamba wamba musanaganize kuti yawonongeka.

4. Kodi imagwirizana ndi msakatuli wanu?

Edge inayamba kumangidwa pa Chromium mu 2020, n'chifukwa chake imalandira ma extension a Chrome. Koma Firefox ili ndi malo akeake otengako ma add-on. Pa foni za Android, Chrome salandira extension ngakhale imodzi, pamene Firefox imalandira.

Malamulo amasinthanso. Mu November 2017, Firefox 57 inasiya kulandira ma add-on amtundu wakale, ndipo ambiri anasiya kugwira ntchito. Kuyambira mu 2024, Google inayamba kuzimitsa ma extension omangidwa pa dongosolo lakale lotchedwa Manifest V2. Ndi chifukwa chake uBlock Origin, yotchinga zotsatsa malonda, inazima pa Chrome koma ikugwirabe ntchito pa Firefox. Wofuna kukhalabe pa Chrome akhoza kuika uBlock Origin Lite. Vuto likakhala lotere, kuikanso extension yomweyo kakhumi sikuthandiza. Muyenera kupeza yatsopano kapena kusintha msakatuli.

5. Kodi ikulimbana ndi inzake?

Nthawi zina extension imaoneka bwinobwino, koma tsamba la maphunziro likukana kutsegula kapena batani lotumizira ntchito silikudinika. Zimitsani ma extension onse ndipo yesaninso. Tsambalo likatsegula, ayatseni imodziimodzi, mukuyesa nthawi iliyonse, kufikira vuto litabwerera. Imene mwayatsa pomalizayo ndiyo yolakwa. Firefox ili ndi njira yachidule: pitani pa Help n'kusankha Troubleshoot Mode, ndipo idzatsegula popanda add-on iliyonse.

Machenjezo awiri

Pa kompyuta za mu labu mungaone mawu akuti Managed by your organization. Zikutanthauza kuti a ofesi ya ICT ndiwo amasankha zoikamo. Musalimbane nazo, kawauzeni chimene mukufuna ndi chifukwa chake.

Chachiwiri, musatenge extension pa tsamba lachilendo lolonjeza kuti lili ndi ina "yosazima". Extension yopatsidwa chilolezo chowerenga masamba onse imatha kuona zimene mukulemba, kuphatikizapo mawu achinsinsi a imelo kapena a banki. Tengani pa Chrome Web Store, Microsoft Edge Add-ons kapena addons.mozilla.org, ndipo werengani zilolezo zimene ikupempha.

Zochita sabata ino

Tsegulani mndandanda wa ma extension anu lero, mayeso asanayandikire. Chotsani onse amene simukukumbukira kuti munawaika liti. Awo amene mumadalira pa maphunziro, akhomeni ndi kaphini kuti azioneka, ndipo lembani mayina awo m'kope lanu.