Mmene Oboola Pansi Amadziwira Kulimba kwa Thanthwe

Boma likafuna kumanga mlatho waukulu kapena damu, ntchito yoyamba ndiyo kuboola pansi. Anthu a m'midzi amadabwa poona makina akuboola masabata angapo osamanga kanthu. Chifukwa chake n'chakuti mlatho ndi wolimba pokhapokha ngati nthaka kapena thanthwe la pansi pake zili zolimba, ndipo thanthwelo silioneka ndi maso.

Woboola amayang'ana zizindikiro zinayi.

Choyamba ndi liwiro la chitsulo. M'dothi chitsulo chimatsika msanga, koma m'thanthwe lolimba chimatsika pang'onopang'ono. Chikatsika mwadzidzidzi, ndiye kuti chapeza mng'alu kapena mwala wowola.

Chachiwiri ndi madzi amene amawathira m'dzenje poziziritsa chitsulo. Madziwo amabwerera pamwamba ndi timiyala tosonyeza mtundu wa thanthwe. Akaleka kubwerera, woboola amadziwa kuti akuthawira m'ming'alu.

Chachitatu ndi mwala weniweniwo. Makina amatulutsa mwala wobulungira ngati nzimbe. Mwala umene mpeni ungathe kuusema ndi wofooka. Wolimba umalira ukamenyedwa ndi nyundo, ndipo susweka msanga.

Chachinayi ndi kutalika kwa zidutswa. Njira iyi anaiyambitsa Don Deere wa ku America m'zaka za m'ma 1960. Pa mita imodzi ya mwala wotulutsidwa, amaphatikiza zidutswa zokhazo zofika masentimita 10 kapena kuposa. Zikapitirira masentimita 90, thanthwelo ndi labwino kwambiri. Zikapanda kufika masentimita 25, ndi losweka ndithu.

Palinso msampha wina. Nthawi zina chitsulo chimagunda chimwala chachikulu chokhala pa dothi, munthu n'kuyesa kuti wafika pathanthwe. Motero oboola odziwa ntchito amapitiriza kuboola mamita atatu kuti atsimikize.

Kunyozera zimenezi kumaononga miyoyo. Pa 2 Disembala 1959 damu la Malpasset ku France linagumuka chifukwa thanthwe la m'munsi mwake linali ndi malo ofooka amene sanadziwike bwino pomanga. Madzi anasefukira m'tauni ya Fréjus ndipo anthu oposa 400 anafa.

Mafumu ndi aphunzitsi achita bwino kufotokozera anthu awo zimenezi. Zikhomo zimene oboola amazika zisazulidwe, ndipo ana asasewere ndi miyala ya m'mabokosi, pakuti imaikidwa motsatana monga inatulukira pansi. Ikasokonezeka, ntchitoyo iyenera kuyambanso.