Dokotala wa ziweto: lembetsani kaye, tikiti ibwere pambuyo

Chimene chikugwetsa madokotala a ziweto ambiri ochokera kwathu ndi kuganiza kuti digiri ndiyo chilolezo chogwirira ntchito. Ku Britain, lamulo la Veterinary Surgeons Act la 1966 limaletsa munthu amene sali m'kaundula wa Royal College of Veterinary Surgeons kuyeza chiweto matenda kapena kuchichita opareshoni, ndipo wochita zimenezi amapalamula mlandu. Bungweli limavomereza madigiri a masukulu ena okha, monga a ku Onderstepoort ku yunivesite ya Pretoria. Wophunzira ku Bunda ayenera kulemba mayeso a bungweli, amene amachitika kamodzi pachaka. Akaphonya tsiku lotsekera kulembetsa, chaka chathunthu chapita. Asanalembe angafunikenso kukhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, amene zotsatira zake zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, choncho wofulumira kulemba Chingerezi ndalama ya mayeso aakuluwo asanaipeze akhoza kulipira kawiri. Ku South Africa nakonso South African Veterinary Council ili ndi mayeso ake, pansi pa lamulo la 1982.

Ena amati: ndipite kaye, ndizikathandizira pachipatala cha agalu, zamapepala ndikalongosola ndili komweko. Mfundoyi si yopanda nzeru, chifukwa kumudzi fizi ndi feteleza sizidikira, ndipo abale akamva kuti mwana wawo ndi dokotala foni simapuma. Koma njira imeneyi ndi imene akathyali amaidikirira. Viza ya ntchito ku Britain imafuna chikalata chochokera kwa bwana amene ali pa mndandanda wa Home Office, umene aliyense angathe kuuona pa intaneti mwaulere, ndipo chikalatacho sichigulitsidwa. Munthu wokuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama kuti akupezereni malo ndi wakuba basi. Choopsa china n'chakuti wothandizira uja tsiku lina adzapemphedwa kuti angosokako bala la galu poti "ndinu dokotala kale". Zikadziwika, bungwe lomwelo limene akufuna limulembetse ndilo lidzafunse za khalidwe lake.

Musananyamuke, tengani zikalata zonse za maphunziro kusukulu kwanu ndi kalata ya mbiri yabwino kubungwe limene munalembetsako kuno. Kuzilondola muli kunja, kudzera mwa mlamu wotanganidwa, kumadya miyezi. Abale auzeni chilungamo poyambirira kuti ndalama za chaka choyamba n'za mayeso.