AC/DC: Gulu Loimba Lomwe Maliro Sanalithetse

Anzanga, tikamva AC ndi DC timangoganiza za magetsi a mu Physics. Komatu palinso gulu loimba la dzina lomweli. Nyimbo zake ndi za hard rock: magitala amagetsi olira mwaphokoso, ng'oma zogunda mpaka pamtima.

Gululi linayamba mu 1973 mumzinda wa Sydney ku Australia. Analiyambitsa ndi anyamata awiri apachibale obadwira ku Scotland, Malcolm Young ndi mng'ono wake Angus. Angusyu amaimba gitala atavala yunifolomu ya sukulu, kabudula ndi tayi, mpaka pano imvi zili mbuu!

Woimba woyamba, Dave Evans, sanakhalitse. Mu 1974 m'malo mwake munalowa Bon Scott, ndipo chimbale cha 1979, Highway to Hell, chinawatchukitsa kwambiri. Koma mu February 1980 Bon anamwalira ku London atamwa mowa mopitirira muyeso. Anali ndi zaka 33 zokha. Taonani zomwe mowa umachita.

Anzakewo anaganiza zongosiya, koma makolo a malemuwo anawalimbikitsa kuti apitirize. Anapeza Brian Johnson wa ku England, ndipo chaka chomwecho anatulutsa Back in Black. Chikuto chake n'chakuda bii, polira mnzawo. Chimbalechi chili m'gulu la zimbale zomwe zagulidwa kwambiri padziko lonse.

Mavuto sanathere pomwepo. Mu 2014 Malcolm anasiya kuimba chifukwa cha matenda oiwalaiwala, ndipo anamwalira mu 2017. Gitala yake anaitenga Stevie Young, mwana wa mkulu wake. Mu 2016 madokotala anachenjeza Brian kuti akapitiriza kuimba m'phokoso agontheratu. Axl Rose wa Guns N' Roses ndiye anamugwirizira, kenako Brian anabwerera pa chimbale cha 2020, Power Up.

Nanga gululi silinathe bwanji? Ine ndikuona kuti aliyense wolowa ankalemekeza kaimbidwe komwe anakapeza, osafuna kusintha zonse kuti atchuke yekha. N'chifukwa chake nyimbo ya 1979 ndi ya 2020 ukazimva umadziwiratu kuti ndi za banja limodzi.

Funso loti tikambirane pa buleki: mwa omwe analiyambitsa watsala Angus yekha. Tsiku lomwe adzapachike gitala, gululi lidzakhalabe AC/DC?