Tikiti ya kumudzi: zoyenera ndi zosayenera kwa a ku South Bend ndi Indianapolis

Ulendo wa ku Malawi kuchokera ku Indiana sukhala wa ndege imodzi. Munthu amanyamuka pa South Bend kapena pa Indianapolis, kukasintha ku Chicago kapena ku Washington, kenako Addis Ababa, n'kudzatera pa Kamuzu kapena pa Chileka. Chimene chimalumikiza ndege zonsezi ndi kaundula wa ulendo wanu amene ali m'makompyuta a makampani a ndege, wotchedwa PNR. M'menemo muli dzina lanu, ndege zimene mukwere, foni yanu, za tikiti ndi amene anabukitsa. Makina oyamba otere, Sabre, anapangidwa ndi American Airlines pamodzi ndi IBM ndipo pofika 1964 ankagwira ntchito mokwanira; Amadeus anabwera mu 1987. Wa pa kauntala amakhulupirira zimene makinawa akumuonetsa, ngakhale mutamuonetsa pepala lokongola limene ajenti anakutumizirani pa WhatsApp.

Zoyenera: Lembetsani dzina monga momwe lilili mu pasipoti, pamodzi ndi tsiku lobadwa, pakuti a TSA amafuna zonsezi munthu asanakwere. Ngati mukugulira amayi ali kumudzi, muwauze ajambule tsamba la pasipotilo, muzikopera mukuliona.

Zosayenera: Musalembe dzina limene timawaitanira panyumba, kapena la bambo a kunyumba pamene pasipoti ikadali ndi dzina la kwa makolo awo. Koma musachitenso mantha dzina likaoneka lachilendo. Makinawa salemba kachizindikiro ka m'mwamba kaja, choncho Ng'oma amatuluka NGOMA, M'bwana amatuluka MBWANA. Dzina la mtundu limayamba, ndipo MR kapena MRS amamatira ku dzina loyamba, mpaka kuoneka NGOMA/CHIKONDIMR. Pamenepo palibe cholakwika. Cholakwika ndi chilembo chosowa kapena maina osinthana malo, ndipo chimenecho chikonzeni tsiku lomwelo. Mukagula ku kampani ya ndege yeniyeniyo kutatsala masiku 7 kapena kuposerapo, lamulo la dziko lino limakupatsani maola 24 oti musinthe maganizo osataya ndalama.

Zoyenera: Mukalipira, funsani nambala ya tikiti. Ili ndi manambala 13, ndipo atatu oyamba amanena kampani imene yagulitsa: 071 ndi Ethiopian Airlines, 016 ndi United, 706 ndi Kenya Airways. Kuyambira mu 2008 makampani a IATA anasiya matikiti a mapepala, ndiye nambala imeneyi ndiyo tikiti yanu.

Zosayenera: Musakhazike mtima pansi chifukwa mwalandira tizilembo 6 ta PNR yanu. Tizilembo timeneto timangosonyeza kuti malo asungidwa, ndipo malo amatha kusungidwa popanda kulipira. Nthawi yolipira ikadutsa, makina amafufuta okha. Apa m'pamene anthu amapwetekera nthawi ya maliro. Uthenga wabwera usiku, abale asonkha ndalama mwachangu, ndalamazo zaperekedwa kwa munthu wodziwa za matikiti otchipa, iye watumiza pepala lokhala ndi tizilembo tija, wofedwa wafika pa bwalo la ndege ndi masutikesi awiri n'kuuzidwa kuti dzina lake mulibe. Zimandiwawa kwambiri chifukwa funso limodzi lokha likanamupulumutsa: "Achimwene, nambala ya tikiti ili kuti?"

Zoyenera: Lowani nokha pa tsamba la kampani iliyonse imene mukwere, muone ulendo wanu ndi maso anu. Tikiti ikhoza kukhala imodzi koma United n'kukhala ndi tizilembo take, Ethiopian take, chifukwa aliyense amasunga m'makina ake. Ajenti akakutumizirani pepala lochokera m'makina, yang'anani zilembo za pambali pa ndege iliyonse. HK ndiye kuti mpando ndi wanu. HL mukadali pa mzere wodikira. TK nthawi yasintha. UN ndegeyo siiuluka.

Zosayenera: Musalole kuti mu kaundula mukhale foni ndi imelo ya ajenti yokha. Ndege ikasintha, uthenga umapita kwa amene analembedwamo.

Zoyenera: Werengani nthawi mosamala. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya pamalo pamene ndege ikunyamukira kapena kutera. South Bend ndi Indianapolis zili patsogolo pa Chicago ndi ola limodzi, n'chifukwa chake ulendo wa ku O'Hare, bwalo la ndege la ku Chicago, umaoneka ngati wa mphindi zochepa chabe.

Zosayenera: Musatumizire okuchingamirani deti la manambala okhaokha. Kuno 03/12 ndi 12 Malichi, kwathu ndi 3 Disembala. Lembani monga makina amalembera, 03DEC, ndipo muonetsetse kuti mwanena tsiku lofika, pakuti silikhala lomwe mwanyamukalo.

Zoyenera: Ngati mukufuna kupita ku Chicago pagalimoto kapena pa sitima ya South Shore Line, imene imayambira pa bwalo la ndege la South Bend pomwepo, gulani tikiti yoyambira ku Chicago.

Zosayenera: Musadumphe ndege yoyamba. Izi zimachitika kawirikawiri: tikiti ikuyambira pa South Bend, koma mlamu wadzipereka kuti akusiyeni ku O'Hare, ulendo wa maola awiri okha. Mukapanda kuoneka pa ndege yoyambayo, makina amafufuta ndege zonse zotsatira, mpaka yobwerera yomwe. Musagulenso matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa madola ochepa. Amenewo amakhala makaundula awiri osadziwana. Ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri ilibe nanu mangawa, ndipo nthawi zambiri katundu mumayenera kumutenga n'kumulembetsanso.

Zoyenera: Agogo akamabwera kudzaona zidzukulu, pemphani njinga yowayendetsera pa bwalo la ndege pa nthawi yobukitsa yomweyo. Imalembedwa kuti WCHR. Ngakhale ali oti amayenda okha kumunda, O'Hare ndi yaikulu, ndipo wokankha njingayo ndi amene amawafikitsa pa geti yoyenera. Ngati akubwerera mwambo wa omaliza maphunziro mu Meyi, bukitsani msanga, chifukwa kumapeto kwa mwezi umenewo khamu la anthu limakhamukira ku Speedway kukaonera mpikisano wa magalimoto wa Indianapolis 500.

Zosayenera: Musaike chithunzi cha chiphaso chokwerera ndege pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la mpingo. Timadontho takuda ta pa chiphasocho timasunga dzina lanu ndi tizilembo ta PNR, ndipo pa masamba a makampani ambiri zinthu ziwirizi n'zokwanira kuti munthu alowe mu ulendo wanu, aone tsiku lobwerera, asinthe mpando kapena afufute ulendo wonse. Chiphasocho ndi kapepala kamene amamata pa sutikesi muzing'ambe mukafika kunyumba, osazisiya m'thumba la mpando wa m'ndege.