Miyeso Iwiri ya Wakatapila

Mu 1832 boma la East India Company linadula malire a dera lina m'munsi mwa mapiri a Rajmahal, kum'mawa kwa India, n'kulitcha Damin-i-Koh. Linakopa anthu a mtundu wa Santhal kuti akagwetse nkhalango n'kulima. Anapitadi, ndipo pofika 1851 analipo oposa 80,000. Mpunga ndi mpiru zinabereka.

Nkhokwe zitadzaza, kunafika amalonda ndi akatapila ochokera ku Bengal ndi madera ena. Asanthal ankawatcha diku, kutanthauza obwera.

Inu amene mukulingalira zokagogoda kwa wakatapila, imvani mmene munda unkachokera m'manja mwa mwini wake. Mlimi ankabwereka mpunga pang'ono m'miyezi ya njala, kapena ndalama za msonkho. Chiwongoladzanja chinkayambira pa 50 peresenti, nthawi zina kufika 500. Wakatapila anali ndi miyeso iwiri: waung'ono pokongoza, waukulu polandira. Buku la ngongole ankalemba yekha, mlimi osadziwa kuwerenga. Ng'ombe zinkayamba kupita, kenako munda, kenako munthu mwiniyo ankalima kwa wakatapila popanda malipiro, ndipo akamwalira mwana wake ankalowa m'goli lomwelo. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti wodandaula analibe kolowera: khoti linali kutali, ndipo apolisi ankadyera mbale imodzi ndi wokongozayo.

Pa 30 June 1855 anthu pafupifupi 10,000 anasonkhana m'mudzi wa Bhognadih. Abale awiri, Sidhu ndi Kanhu Murmu, ananena kuti mulungu wawo Thakur wawalamula kuti dzikolo alilamulire okha. Kuukirako anakutcha Hul. Patangopita masiku ochepa anapha mkulu wa apolisi, kenako anatembenukira akatapila ndi eni malo, nyumba zawo zikuyaka. Sindinganene kuti aliyense amene anafa ndi nkhwangwa zawo anali ndi mlandu, pakuti mkwiyo wa zaka zambiri sufunsa dzina.

Asilikali a kampaniyo anabwera ndi mfuti, Asanthal ali ndi mauta ndi mivi. Midzi inatenthedwa, ina kugumulidwa ndi njovu, ndipo anthu zikwizikwi anaphedwa. Sidhu ndi Kanhu anagwidwa n'kuphedwa. Kumapeto kwa 1855 boma linakhazikitsa chigawo cha Santhal Parganas chokhala ndi malamulo akeake. Lero chili m'boma la Jharkhand, kumene pa 30 June chaka chilichonse anthu amasonkhanabe ku Bhognadih.